Keyala ya Adada

Anawapeza m'mamawa ku Ching'ambo
pakhonde la eni ake,
nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja,
jekete litanyowa ndi nkhungu ya mu Juni.
Ankagogoda mwaulemu,
akuti abweretsa kalata.

Pomwe ndimatsika pa kabaza
anthu anali atawazinga kale.
Wina atanyamula chibenthu cha njerwa.
Mayi wina, mwana kumbuyo, ankafotokozera ochedwa
kuti nkhalambayi yagwa pa lichero usiku
mafuta atatha m'malere.
Mnyamata ankajambula pa foni,
akusuntha kufuna mbali yowala bwino.

Adada anaima pakati
akuweramira aliyense:
"Monire mose. Imani pamzere,
titsegula hafu seveni."
Anthu anaseka. Njerwa sinatsike.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
munthu uyu anasanja makalata a mzinda uno.
Ukangotchula dzina, ankakuuza nambala ya bokosi
osatsegula buku.
Za ku Joni, zamaliro, zonunkhira mafuta a chibwenzi,
ndalama za fizi zobisidwa m'pepala la kope,
zonse zinadutsa m'zala izi
zomwe lero zikulimbana ndi batani la malaya.
Ena mwa otola miyalawo
anaphunzira ndi ndalama zimene iye sanabe.

Dokotala anati ndi matenda a ubongo, oiwalitsa.
Dzina lake ndinalemba kuseri kwa risiti.
Anati si ufiti, si chilango, sapatsirana.
Koma kwathu ku Chibavi aneba analeka kudzapempha moto,
ana amalumphira tsidya lina la ngalande,
amvano amapemphera ataima pageti.
Mlongo wanga pa foni, ali ku Lilongwe:
"Muziwatsekera m'nyumba, akutichititsa manyazi."

Ndinawatsekeradi. Masabata awiri.
Ndisaname, ndinagona tulo tokoma
mpaka tsiku lomwe ndinawapeza atavala tayi
akupempha loko mofatsa
kuti awalole apite, achedwa kuntchito.

M'mawa uja mawu anandithawa.
Amene anayankhula ndi wakabaza wandibweretsayo, Fwasani,
thukuta likadali pamphumi:
"Awa ndi a Msowoya a ku positi.
Bokosi lathu litatsekedwa ndi ngongole
kalata yoitana bambo anga kuntchito
anaibweretsa okha, wapansi, mvula ikugwa."
Anavula chipewa chake chaubweya nawaveka,
nagwada kuwamanga nsapato.
Anthu anayamba kukumbukira zochita kwawo.
Njerwa inagwera m'matope.
Pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense.

Usiku ndinasokera kansalu koyera pachifuwa cha jekete:
dzina, nambala yanga,
Chibavi, kuseri kwa chigayo.
Iwo ankayang'ana singano ikulowa ndi kutuluka.
"Jenala, katunduyu ukutumiza kuti?"
Jenala ndi mlongo wawo, anamwalira ndisanabadwe.
Ine ndine Dokiso.
Ndinati, "Kunyumba, achimwene."
Anagwedeza mutu: "Ulembe zooneka. Ambiri amasochera
chifukwa cha kalembedwe."

Kuyambira pamenepo ndimayenda geti ndi geti
ndi risiti yanga yothethekayo.
Ena amandipatsa mpando. Ena amayankhira pawindo.
Mayi wa mwana kumbuyo uja akadalavula tikamadutsa.
Koma Lachinayi lapitali wogulitsa kaunjika ku Taifa
anabwera nawo atawagwira dzanja,
aliyense akudya nthochi,
akukangana za mtengo wa sitampa.

Akadatulukabe. Sindingawalondere ngati mbuzi.
M'thumba amadzazamo masamba a mapeyala
ndi timapepala ta mayunitsi otha ntchito.
Mukakumana nawo pa Katoto
nakupatsani tsamba limodzi ndi manja awiri,
landirani.
Ndi lanu, analisankha.
Nenani yewo,
kenako muwerenge pachifuwa pawo.